Matenda Ake Tikuwadziwa: Kodi Tiigule Galimoto Yamagetsiyi?

  Lero tiyeni tikambirane za magalimoto oyendera magetsi, makamaka funso lomwe layamba kuzunguza mitu ya anthu ofuna kuitanitsa galimoto kunja: ngati galimoto ili ndi matenda odziwika, oti ngakhale kampani yomwe inaipanga inawavomereza, kodi n'chanzeru kuigula?

Funsoli lili ndi pochokera. Kuyambira m'chaka cha 2022 takhala tikuona mizere italiitali ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta, anthu akuchezera usiku wonse, ena atanyamula zigubu, ntchito zitaima. Munthu amene anagonapo m'galimoto podikira petulo akamva kuti kunja kuno kuli galimoto yongolumikiza kusoketi madzulo, m'mawa n'kuipeza yakhuta, mtima umadyokoka. Akatsegula foni n'kuona magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito omwe akugulitsidwa ku Japan, amapezamo Nissan Leaf: yonyezimira, mipando yosang'ambika, chiwongolero kumanja monga tinazolowera, mtengo wotsika kuposa momwe amaganizira. Asanatumize ndalama, mnzake amamutsina khutu: "Achimwene, samalani, zimenezo batire lake silichedwa kufooka." Apa munthu uja amagwira njakata.

Maganizo anga ndinenere kumayambiriro komwe kuno. Kudziwika kwa matenda a galimoto si chifukwa chokwanira choikanira. Chofunika ndi kudziwa kuti matendawo ndi amtundu wanji, ngati angayezedwe ndalama isanatuluke m'thumba, komanso amene adzaigwire galimotoyo akadzabuka ili kuno kwathu. Matenda omwe mungathe kuwayeza, kuwawerengera mtengo ndi kukhala nawo osavutika, mutha kugula nawo galimoto. Koma omwe mankhwala ake anatsala kutsidya kwa nyanja, asiyeni komweko.

Kugula galimoto yodwala si zachilendo kwa ife. Pitani ku Biwi mumzinda wa Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, mukhale pansi ndi makaniko n'kumufunsa za magalimoto omwe adzaza m'misewu yathuyi. Akuwerengerani osatsegula buku: iyi imavuta giyabokosi, iyi ikakalamba imamwa oilo, iyi ndi yofewa kumiyendo. Timamva zonsezo, komabe timagula. Timagula chifukwa makaniko amene watchula matendayo ndi yemweyo amadziwa kuwachiza, ndipo masipeyala ake ali m'kashopu koyandikana ndi galaja yake. Chimatilimbitsa mtima ndi anthu komanso zipangizo zomwe zaizungulira galimotoyo. Galimoto yamagetsi ikufika m'dziko muno isanakhale ndi anthu ambiri otere. N'chifukwa chake tiyenera kuwasiyanitsa bwino matenda ake, ndipo ine ndikuwaika m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la matenda odya pang'onopang'ono. Chitsanzo chake chachikulu ndi Leaf yomwe ija. Galimotoyi inayamba kugulitsidwa mu December 2010 ku Japan ndi ku America, ndipo pofika mu 2020 anali atapanga zokwana 500,000. Zoyambirira zinali ndi batire losunga mayunitsi 24, mayunitsi omwewa timagula ku ESCOM. Makampani ena ambiri amazunguliza timapaipi ta madzi oziziritsa m'kati mwa batire kuti lisatenthe kwambiri. Nissan sinachite zimenezo pa Leaf zoyambirirazo. Batire lake limangodalira kuti kutentha kuzichoka kokha. Kumalo ozizira izi sizinavute kwenikweni. Koma mu 2012 eni magalimotowa mumzinda wa Phoenix ku Arizona, komwe kumatentha koopsa, anayamba kudandaula kuti mabatire awo akufooka mofulumira galimoto isanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Nkhaniyi inakula mpaka Nissan inalonjeza kukonza batire lililonse lomwe lafooka kupitirira mlingo womwe inaika m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo pambuyo pake inasintha kapangidwe ka batire kuti lizipirirako kutentha.

Kufooka kwa batire tonse tikukudziwa kudzera pa foni. Ili yatsopano imatha tsiku lonse, ikatha zaka zitatu imafuna tchaja dzuwa lisanafike paliwombo. Foniyo imaimbabe bwinobwino, koma simungapite nayo kutali. Leaf imachitanso chimodzimodzi. Mota yake ndi yolimba, imanyamuka mwamphamvu ngati kale, koma mtunda womwe ingayende ukucheperachepera chaka ndi chaka. Ndipo apa pali chinthu chomwe chingatipusitse ife omwe tinazolowera kuyang'ana makilomita omwe galimoto yayenda. Batire limakalamba ngakhale galimoto itangokhala. Zaka, kutentha, ndi kulisiya lodzaza mpaka pakamwa kwa nthawi yaitali, zonsezi zimalidya. Leaf ya 2013 yomwe yayenda pang'ono itha kukhala ndi batire lotheratu kuposa inzake yomwe yayenda kwambiri koma ikusamalidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ubwino wa matenda amenewa ndi woti amaoneka. Mukakhala pampando wa dalaivala wa Leaf yakale ija, yang'anani kumanja kwa dashibodi. Pali nambala yaikulu yosonyeza makilomita omwe yatsala nawo, ndipo pambali pake pali mizere 12 italiitali yosonyeza kuchuluka kwa moto womwe uli m'batire panthawiyo. Imeneyo isakutengeni mtima, chifukwa imadzaza nthawi iliyonse galimoto ikatchajidwa. Yang'anitsitsani kumphepete kwenikweni. Muona timizere tina 12 tifupitifupi. Timeneto ndiye tikunena za thanzi la batire, ndipo kamzere kakazima sikayakanso. Koyamba kamazima batire likataya pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a mphamvu yake, ndipo totsatira timazima pakatayika magawo 6 kapena kupitirirako pang'ono. Galimoto yomwe yatsala ndi timizere 8 ndiye kuti batire lake latsala ndi mphamvu yosapitirira magawo awiri mwa atatu a momwe linalili.

Tiyeni tisandutse timizereti kukhala msewu. Poyesa kwa boma la America, Leaf yoyamba ili yatsopano inkayenda makilomita 117 ikatchajidwa kamodzi. Mapepala a ku Japan ankalemba makilomita 200, chifukwa kayesedwe kawo kanali ka liwiro lochepa. Choncho mukaona nambala ya ku Japan pachithunzi chotsatsira malonda, musaiike pamtima. Leaf ya mayunitsi 24 yomwe yatsala ndi timizere 8 muiwerengere makilomita 70 kapena 80. Kuchoka ku Lilongwe, pa Salima simufika, ndipo ngakhale pa Dedza n'zokayikitsa kuti mungafike. Koma kwa munthu wokhala ku Area 25 wogwira ntchito ku City Centre, kapena wa ku Chilomoni wogwira ntchito ku Limbe, makilomita amenewo ndi okwanira kupita, kukatenga ana kusukulu, kudzera kumsika ndi kubwerera kunyumba moto utatsalako.

Timizere tokha si umboni wokwanira. Pali ogulitsa ena osakhulupirika omwe amafufuta zomwe kompyuta ya batire inasunga, timizere tonse 12 n'kuyakanso, kenaka pakapita masabata angapo n'kuyamba kuzima motsatizana. Njira yodalirika ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa pasoketi ya OBD yomwe ili kunsi kwa chiwongolero, kamene kamalumikizana ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy. Pulogalamuyi imaonetsa nambala yotchedwa SOH, yomwe ndi thanzi la batire pa 100. Imaonetsanso kuti galimotoyo inatchajidwa kangati pa makina othamanga, komanso ngati m'batiremo muli kachigawo kofooka kuposa tinzake. Kachigawo kamodzi kofooka n'kokwanira kuchititsa galimoto kutaya mphamvu mwadzidzidzi pachitunda, dashibodi ikuonetsa kuti moto ulipo. Ngati galimoto ili kuno, iyeseni nokha: itchajeni idzaze, mukwere nayo chitunda chachitali, muone momwe nambala zikutsikira. Ngati ili ku Japan, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyatsa pamodzi ndi zomwe makina oyezera aonetsa. Akakana kapena kuyamba kuzemba, yankho lanu mwalipeza.

 Tamaliza gulu loyamba, la matenda odya pang'onopang'ono, omwe munthu angathe kuwayeza.

Gulu lachiwiri ndi la matenda ogwetsa mwadzidzidzi. Galimoto iliyonse yamagetsi ili ndi mabatire awiri: lalikulu loyendetsa matayala, ndi laling'ono la mavoti 12 longa la galimoto wamba, lomwe limayatsa nyali ndi makompyuta. Popeza mulibe injini yozunguza alitaneta, batire laling'onoli limatchajidwa ndi bokosi lapadera lotenga moto ku batire lalikulu. M'magalimoto a Hyundai Ioniq 5 ndi Kia EV6, bokosi limeneli, lotchedwa ICCU, lakhala likupsa mwa ena. Likapsa, batire laling'ono limatha, galimoto imachenjeza, imachepetsa liwiro, kenaka imaima, ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Mu March 2024 makampaniwa anaitanitsa magalimoto pafupifupi 147,000 ku America kuti akakonzedwe, ndipo mu November chaka chomwecho anaitanitsanso opitirira 200,000, kuphatikizapo ena omwe anali atakonzedwa kale.

Awa ndi magalimoto abwino, othamanga potchaja, oyenda mtunda wautali, ndipo eni ake ambiri sanakumanepo ndi vutoli. Munthu wa ku London kapena ku Manchester atha kuigula osadandaula kwambiri, chifukwa ikafa amaimba foni, amabwera kudzainyamula, ndipo kampani imasintha bokosilo ngati walanti ikadalipo. Koma taganizirani galimoto yomweyo, yotumizidwa ndi m'bale wanu wa ku Britain, itafera pa Zalewa dzuwa likulowa. Bokosilo simukalipeza pamsika. Muyenera kuliitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, kulidikira, kenaka kupeza munthu wodziwa kugwira mawaya a moto wamphamvu yemwe alinso ndi kompyuta yoyenera galimotoyo. Matenda amenewa simungawayeze pogula, chifukwa galimoto imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lomwe idzaime. Choncho musanagule, pezani kaye munthu amene adzaikonze. Mudziwe dzina lake ndi pomwe pali galaja yake, mukacheze naye, akuuzeni ngati anagwirapo galimoto yotere komanso komwe amatenga zipangizo. Ngati munthuyo palibe, dikirani.

Gulu lachitatu ndi la matenda oika moyo pachiswe. Mu November 2020 kampani ya General Motors inayamba kuitanitsa magalimoto a Chevrolet Bolt chifukwa ena ankayaka moto ali chiimire, ndipo pofika mu August 2021 inaitanitsa onse, opitirira 140,000. Vuto linali zolakwika ziwiri zomwe zinachitika kufakitale ya LG popanga tizigawo ta batire. Eni ake anauzidwa kuti aziimika magalimotowo panja akangotha kutchaja ndipo asawasiye akutchaja m'nyumba usiku. Mu February 2021 Hyundai inalengeza kuti isintha mabatire m'magalimoto pafupifupi 82,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo a Kona Electric, pa chifukwa chomwecho cha moto. Ngakhale Toyota, yomwe Amalawi timaikhulupirira kwambiri, mu June 2022 inaitanitsa magalimoto ake oyamba a bZ4X pafupifupi 2,700 chifukwa mabawuti a matayala ankatha kumasuka tayala n'kuchoka, ndipo inauza eni ake kuti asawayendetse mpaka atakonzedwa.

Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Magalimoto a petulo nawonso amapsa, ndipo tawaonapo m'misewu yathu. Koma moto wa batire lalikulu ndi wovuta kuzimitsa, umafuna madzi ochuluka zedi, ndipo utha kuyakanso anthu ataganiza kuti watha. Kwathu kuno galimoto timaigoneka pafupi ndi zenera la chipinda chomwe mwagona ana. Pa gulu limeneli palibe zokambirana za mtengo. Ngakhale wogulitsa atatsitsa bwanji, popanda pepala losonyeza kuti ntchito yomwe kampani inalamula inagwiridwa pa galimoto imeneyo, osati inzake, musaigule. Koma pepalalo likakhalapo, zinthu zimatembenuka. Kona Electric yomwe inaikidwa batire latsopano ndi kampani ili ndi batire la zaka zochepa kuposa galimotoyo, ndipo itha kukhala malonda abwino kuposa inzake yomwe sinamvekepo mbiri yoipa. Kufufuza kwake n'kotheka muli pakhomo. Makampani a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pomwe mumalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati galimotoyo inaitanidwa, ndipo boma la Britain lili ndi tsamba lofufuzira ndi nambala ya galimoto.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira za mapepala ndi ichi: lonjezo la kampani loti idzakonza ulere kawirikawiri limagwira ntchito m'dziko lomwe galimotoyo inagulitsidwa ili yatsopano. Ikakwera sitima n'kudzatsikira pa doko la Dar es Salaam, lonjezolo limatsala. Walanti ya batire pa magalimoto ambiri amagetsi imakhala zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo pa Leaf zakale zija inatha kalekale. Chilichonse chomwe sichinakonzedwe galimoto isananyamuke chimasanduka katundu wanu. Musaiwalenso ulendo wochoka kudokoko. Magalimoto a petulo timatuma dalaivala kukawayendetsa kuchoka ku Dar es Salaam kudzalowa pa chipata cha Songwe, mtunda wa makilomita opitirira 900. Leaf singayende ulendo umenewo yokha. Iyenera kunyamulidwa pa lole, ndipo mtengo wonyamulirawo muuphatikize pa mtengo wa galimoto musanayambe kusangalala kuti ndi yotchipa. Za msonkho, funsani ku MRA kapena kwa okuthandizani kuombola katundu kuti akuuzeni malamulo omwe akugwira ntchito panthawi yomwe mukugulayo.

Tsopano tisiye kuyang'ana galimoto, tidziyang'ane tokha. Matenda omwewo kwa wina ndi aang'ono, kwa wina ndi aakulu, malinga ndi komwe akukhala komanso momwe amayendera.

Choyamba ndi nyengo ya kwanu. Taona kuti mdani wa batire la Leaf ndi kutentha. Munthu wa ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Zomba ali pabwino kusiyana ndi wa ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga. Ku Chigwa cha Shire, mwezi wa October ndi November kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Galimoto yoima padzuwa tsiku lonse kumeneko, batire lili kunsi pafupi ndi phula lotentha, idzataya timizere mofulumira kuposa momwe inkatayira ku Japan. Ngati mumakhala kumalo otentha, funani galimoto yomwe batire lake limaziziritsidwa ndi madzi, apo ayi khalani ndi mthunzi woimikapo ndipo muyembekezere kuti batire lidzafooka msanga.

Chachiwiri ndi msewu wa kwanu. Batire la galimoto yamagetsi limakhala pansi pa mipando, ndipo la Leaf limalemera pafupifupi makilogalamu 300. Ngati njira yopita kunyumba kwanu ili ndi miyala yotuluka ndi zigwembe zomwe zimakhula galimoto kumimba, ganizirani kawiri. Pogula, ikwezeni galimotoyo pagalaja, muwerame ndi tochi, muone ngati chophimba batire chili chopindika kapena chong'ambika. Zitunda nazonso zimadya moto. Potsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa galimoto imabweza moto wina m'batire, koma pobwerera, pokwera phiri lija, nambala zimatsika mukuziona.

Chachitatu ndi potchajira. Malo otchajira mwachangu m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo mapulagi ake sali amtundu umodzi. Leaf zomwe tikunenazi zimagwiritsa ntchito pulagi ya ku Japan yotchedwa CHAdeMO, pomwe magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi ku South Africa amagwiritsa ntchito ya CCS. Choncho werengerani soketi ya kunyumba kwanu. Pa soketi wamba, batire la mayunitsi 24 lopanda kanthu limatenga pafupifupi maola 10 kuti lidzaze. Maola onsewo moto ukuyenda wambiri mosalekeza, ndiye mawaya a nyumba ayenera kukhala abwino, soketi yolimba, waya wa ethi wolumikizidwa bwino. Zingwe zowonjezera zotchipa zija zimasungunuka. Kumbukiraninso kuti nyumba za ku Japan zimagwiritsa ntchito mavoti 100 kapena 200, pomwe athu ndi 230, choncho chingwe chobwera ndi galimoto chionedwe kaye ndi katswiri wa zamagetsi. Ndipo ngati mukukhala nyumba ya lendi yogawana mita ndi anzanu, kambiranani galimoto isanafike, kuti isadzakudanitseni ndi aneba.

Nanga magetsi akazima? Tonse tikukumbukira momwe zinthu zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Walira mvula walira matope: wothawa mzere wa petulo akumana ndi kuzimazima kwa magetsi. Komabe munthu woyenda makilomita 30 kapena 40 patsiku safunika kudzaza batire lonse usiku uliwonse. Maola atatu kapena anayi a magetsi amamubwezera zomwe wagwiritsa ntchito. Amene angavutike ndi yemwe tsiku lililonse amafika pakhomo batire litatheratu.

Chachinayi, chomwe kwa ine n'chachikulu, ndi ntchito yomwe galimoto imagwira pabanja la Chimalawi. Galimoto ya munthu mmodzi ndi ya mtundu wonse. Foni ikalira pakati pausiku kuti amayi adwalika ku Ntcheu, kapena kwagwa zovuta ku Kasungu, aliyense amayang'ana kwa amene ali ndi galimoto. Pamenepo simungayankhe kuti dikirani maola 10 itchaje, ndiponso ikatchaja sifika. Ngati iyi idzakhale galimoto yokhayo pabanja panu, ndipo kumudzi n'kutali, Leaf yotopa idzakukhumudwitsani pa tsiku lomwe mudzaifunitsitse. Koma ngati pakhomo pali ina ya maulendo ataliatali, kapena mwavomereza kuti kumudzi muzipita pabasi, itha kukutumikirani bwino m'tauni. Leaf zatsopanoko, zomwe zinayamba kutuluka kumapeto kwa 2017 ndi batire la mayunitsi 40, zinkayenda pafupifupi makilomita 240 zili zatsopano. Zimenezo zimapatsa mpata wokulirapo, ngakhale kuti pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita opitirira 300, sizingafike osatchaja panjira, ndipo nazonso batire lake lilibe madzi oziziritsa.

Tibwere ku ndalama. Galimoto ngati Leaf imadya mayunitsi apakati pa 15 ndi 18 pa makilomita 100. Galimoto yaing'ono ya petulo imamwa malita 6 kapena 7 pa mtunda womwewo. Tengani mtengo wa lero wa yuniti ndi wa lita, muchulukitse nokha ndi makilomita omwe mumayenda pamwezi, ndipo muona kuti kusiyana kwake n'kwakukulu. Onjezerani kuti mulibe oilo wa injini wosintha, mulibe mapulagi a injini, mulibe kilatchi, ndipo mabuleki amachedwa kutha chifukwa mota imathandiza kuchepetsa liwiro. Dziko nalonso limapindula, chifukwa magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pomwe lita iliyonse ya petulo timaigula ndi ndalama zakunja.

Koma ndalama yomwe mukupulumutsayo musaidye yonse. Gawo lina ndi la batire lomwe mudzafunike mtsogolo. Batire limagulidwa ndi madola, ndipo nthawi zambiri pa Leaf yakale mtengo wake umafanana kapena kuposa wa galimoto yomwe. Tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Choncho funsani mtengo wa batire lero, muuphatikize pa mtengo wa galimoto, kenaka mudzifunse ngati malondawo akadali okoma. Ganiziraninso za tsiku lodzaigulitsa. Wodzagula kwa inu adzawerenga timizere tomwe mukuwerenga leroti, ndipo adzapeza tochepa.

Ndiye tigule kapena tisiye? Ngati matenda ake ndi kufooka kwa batire, mwaliyeza ndi makina, makilomita omwe latsala nawo ndi owirikiza kawiri ulendo wanu watsiku ndi tsiku, muli ndi potchajira pabwino pakhomo, ndipo mtengo watsika molingana ndi kufookako, gulani ndi mtima umodzi. Mukudziwa chomwe mukugula. Ngati matenda ake ndi a chipangizo chomwe chimafa mosachenjeza, yambani mwapeza wokonza ndi njira yopezera chipangizocho, galimoto ibwere pambuyo. Ngati matenda ake ndi okhudza moto, mabuleki kapena matayala, pepala la umboni likhale m'manja mwanu ndalama isanachoke.

Ndili ndi pempho kwa magulu atatu. Kwa inu ogulitsa magalimoto: lembani thanzi la batire poyera, pambali pa mtengo. Munthu mmodzi akapusitsidwa amauza mudzi wonse, ndipo malonda a magalimoto amagetsi adzafa asanayambe n'kuyenda komwe. Kwa inu amakaniko athu: luso lanu ndi lalikulu, koma mawaya a mtundu wa lalanje m'galimoto yamagetsi amanyamula mavoti oposa 350, ndipo moto umenewo umapha. Musawagwire mongoyerekeza. Funani maphunziro, ndipo a TEVETA pamodzi ndi sukulu zathu za ntchito zamanja, monga za Lilongwe ndi Soche, aike patsogolo luso limeneli, chifukwa magalimotowa akubwera ndithu. Kwa inu omwe muli nawo kale: musabise zomwe mukukumana nazo. Ku New Zealand, komwe amaitanitsanso Leaf zambiri zogwiritsidwapo ntchito kuchokera ku Japan, eni ake ankasonkhanitsa pamodzi nambala za mabatire awo, ndipo mu 2018 anaonetsa kuti Leaf za mayunitsi 30 zikuoneka kuti zikufooka msanga. Nissan inayankha kuti kompyuta ya batire inkawerengera molakwika, n'kutulutsa pulogalamu yokonzera. Nafenso tikamauzana zoona, za mtunda, za kutentha, za wokonza wodalirika, wogula wotsatira sadzayenda mumdima.

Ndalama yogulira galimoto ambirife timaisonkhanitsa kwa zaka, ena mpaka kutenga ngongole kubanki kapena kubanki m'khonde. Musalole kuti kutopa ndi mizere ya mafuta kukuthamangitseni, komanso musalole kuti mphekesera zikumanitseni chinthu chomwe chingakuthandizeni. Funsani, yezani, werengerani, ndipo wogulitsa akakufulumizitsani, inu chedwani dala.